Wailesi m'Midzi ya ku Chadiza

Munthu akayenda pa msewu wochokera pa boma la Chadiza kulowera ku Chanida, kumalire a Mozambique, amamva wailesi ponseponse: pa khonde, pa chigayo, ngakhale pa njinga ya wogulitsa makala. Mabatire ndi odula, motero palibe amene amatsegula wailesi mwachisawawa. Nanga timasankha motani?

Kale tinkadalira wailesi ya boma ya ku Lusaka, imene imagawa nthawi pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri. Tinkayembekeza nthawi ya Chinyanja ndi mtima wonse, makamaka tsiku la nthano za a Julius Chongo, za Poceza m'Madzulo. Chibemba kapena Chilozi chikayamba, tinkapotoza wailesi kufunafuna MBC ya ku Malawi, popeza kumeneko ankalankhula Chichewa chathu.

Zinthu zinasintha pamene Radio Maria inatsegulidwa ku Chipata mu 1999, ndi Breeze FM ya a Mike Daka mu 2002. Pamenepo tinayamba kumva maina a midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala. Uthenga wa maliro unkafika kwa abale mwambo usanachitike. Mlimi wodandaula za mtengo wa thonje, kapena za feteleza wofika chimanga chitakula kale, ankalembera kalata Gogo Breeze, ndipo dandaulo lake linkawerengedwa anthu ambirimbiri akumva.

Apa mpamene pagona nkhani, abale. Kukula kwa wailesi sikutikopa ife. Mabatire athu timathera pa imene imadziwa maina a kwathu, nimatimvera tikalankhula.