MPHAKA WOTOLEDWA M'NGALANDE

Dziko la Dedza ndilo dziko la mapiri ndi la mphepo. Phiri lalikuru la Dedza litalika mamita 2,198 kuyambira pa nyanja yamcere, ndipo midzi ya kwa Bembeke, m'dziko la mfumu Kamenyagwaza, iri pamwamba pozizira, kufupi ndi malire a Mozambique. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatsika mamawa niphimba minda ya mbatata ndi nyemba, ndipo ana opita kusukulu amayenda manja ali m'khwapa. Nyengo yomweyo cimanga cimakhala citalowa kale m'nkhokwe. Anthu amakondwera naco, koma sakondwera okha, pakuti makoswe nawonso adziwa kumene kuli cakudya. Khoswe wamkazi amabala ana ambiri kangapo pa caka, ndipo banja losasamala lingathe kufika mwezi wa Januwale nkhokwe yace iri ndi zitsononkho zokha.

M'mudzi wina wa kumeneko munali mtsikana wa zaka 10, wokhala ndi agogo ace akazi, popeza atate wace anali ku nchito ku Johannesburg. Tsiku lina la msika, pobwera kogulitsa mbatata, anamva kanthu kalikulira m'ngalande m'mbali mwa mseu. Poyang'ana anapeza kamwana ka mphaka, kotuwa ngati phulusa, konyowa ndi mame, nthiti ziri poyera ndi maso odzala manthongo. Munthu wina anakataya pamenepo, monga acita ena amphaka akawacurukira pakhomo. Mtsikanayo anakakulunga m'nsaru yace, nakaika m'dengu, napita nako kwao.

Agogo aja atakaona anati, "Mwanawe, watenga ciani? Mphaka wosadziwika kumene wacokera salowa m'nyumba. Sunamve kodi kuti ena amatumidwa usiku ndi anthu oipa? Ndiponso tidzakapatsa ciani, ife tomwe ndiwo zitibvuta?"

Mtsikanayo anagwada nati, "Agogo, mundilole ndikasunge kufikira mvula yoyamba. Kakapanda kukhala bwino, ndidzakabwezera ndekha kumene ndinakatola."

Agogo anakhala cete kanthawi, ndipo anangoti, "Kasayandikire mbale zanga." Iye amene anakula ndi nkhalamba adziwa kuti mau otere ndiwo kubvomera.

Za ufiti zija ziribe pogwira. Mphaka ayenda usiku cifukwa makoswe ayenda usiku. Ndipo maso ace awala mumdima cifukwa m'kati mwa diso, cakumbuyo, muli kanthu konga kalirole, kamene kabweza kuunika kuti nyamayo ipenye bwino. Koma cinalipo cinthu cina cimene agogo akadayenera kuciopa koposa, ndico nthenda ya ciwewe. Nthenda iyi imalowa mwa munthu akalumidwa ndi garu, nkhandwe kapena mphaka wodwala, ndipo ikayamba kuoneka m'thupi mankhwala ace palibe. Munthu wa ku France, dzina lace Louis Pasteur, ndiye anayamba kupulumutsa wolumidwa ndi katemera m'caka ca 1885. Cifukwa cace, ana inu, cinyama cosadziwika cikakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuce.

Kamphaka kaja katangoturutsidwa m'dengu, kanathawira kuseri kwa mtsuko wa madzi, nikakhala komweko masiku atatu. Munthu akayandikira kanali kugonetsa makutu, kuonetsa mano ndi kucita fuu! ngati njoka. Mtsikana uja anamva cisoni, pakuti anayesa kuti kadzamthokoza. Anatambasula dzanja kuti akakoke, koma agogo, amene anali kupeta ufa ngati sakuona kanthu, anati, "Kaleke iwe. Mkamwini watsopano sadyera pabwalo tsiku loyamba."

Tsono mtsikanayo anali kuika cakudya pa phale pafupi ndi mtsuko, nacoka. Anali kusinja usipa pang'ono ndi kuusakaniza ndi phala lozizira, pakuti mphaka ndiye nyama yodya nyama inzace, ndipo nsima yokha simkwanira. Mkaka wa ng'ombe, umene anthu ambiri amauyesa cakudya ca mphaka, umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Madzi oyera ndiwo abwino. Usana phale lija linali kukhala cikhalire. Mamawa linali kupezeka lonyambitidwa mbee.

Pali cifukwa cace ca kubisala kumeneku. Munthu azindikira nyumba yace ndi maso, koma mphaka aizindikira makamaka ndi mphuno. Polowa m'nyumba yacilendo amamva pfungo la utsi, la nkhuku, la anthu, koma pfungo la iye mwini palibe, ndipo mtima wace sukhazikika. Akalimba mtima amayamba kukhuza masaya ace pa citseko, pa mtondo, pa mwendo wa mpando, nasiya pamenepo kapfungo kamene mphuno ya munthu singathe kukamva. Malo onse akadzala ndi kapfungo aka, pamenepo ndiye kwao. Ndico cifukwa cace mphaka watsopano ayenera kusungidwa m'nyumba milungu iwiri kapena itatu. Akaturutsidwa msanga amasokera pofunafuna kumene anacokera.

Usiku wacinai kunazizira kwambiri, monga kuzizira kwa Julayi pa Dedza, ndipo awiriwo anali kuotha moto citseko citatsekedwa. Pamenepo anaona kamutu kalikusuzumira kuseri kwa mtsuko. Kanaturutsa mwendo umodzi, nikaima. Kanaturutsa wina, nikaimanso, mimba iri pafupi ndi dothi. Mtsikana anafuna kupfuula, koma agogo anamtsina pa bondo. Kanazungulira mafuwa pang'onopang'ono, nikanunkhiza mphasa, cipande ndi mtanga wa nyemba. Potsiriza kanapitirira mtsikana amene anakatola, nikakakhuza tsaya lace pa mwendo wa agogo amene anakakana!

Mtsikanayo anacita nsanje, ndipo nsanje yace inali yomveka. Koma mphaka saona monga aona anthu. Kwa iye maso omuyang'anitsitsa ali ngati maso a mdani. Cifukwa cace amathawa womkonda amene samcotsa maso, napita kwa iye amene ayang'ana kumbali. Agogo sanakakankhe. Anangoti, "Taonani mwano wa kanthu aka," nasonkheza moto. Kamphakako kanadzipinda pafupi ndi phulusa lofunda, nikayamba kung'ung'udza m'khosi monga acita amphaka akakhuta mtendere. Kuyambira usiku umenewo dzina lace linali Phulusa.

Masiku otsatawo mtsikana anampukuta m'maso ndi kansaru konyika m'madzi ofunda, namcotsa nthata ndi zala. Mlangizi wa ziweto atafika kudzabaya agaru katemera wa ciwewe, iye anamnyamula Phulusa m'dengu lobvundikira. Anyamata okoka agaru ao pa zingwe anamseka kwambiri; koma mlangizi uja anambaya mphakayo monga anabaya agaru onse, nauza anyamatawo kuti ciwewe sicisankha.

Kholo la amphaka onse a m'midzi ndilo bvumbwe, mphaka wa kuchire amene apezeka m'maiko ambiri a Africa ndi a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Zaka ngati 10,000 zapitazo, anthu a kumeneko atayamba kulima ndi kusunga tirigu, mbewa ndi makoswe zinadza ku nkhokwe zao, ndipo abvumbwe anadza kutsata mbewazo. Pa cisumbu ca Cyprus anthu ofukula zakale anapeza manda a zaka ngati 9,500, m'mene mphaka anaikidwa pafupi ndi munthu. Mbiri yace inamveka m'caka ca 2004. Aigupto akale analemekeza amphaka kwambiri, nakonza mitembo yao ndi mankhwala monga anacitira anthu. Kunena zoona, munthu sanagwire mphaka monga anagwira ng'ombe kapena mbuzi. Mphaka anadza yekha, ndipo kufikira lero akhala pakhomo ngati wobwera mwa kufuna kwace.

Koma bvumbwe amagwiranso nkhuku, ndipo agogo sanaiwale zimenezo. M'mwezi wa Sepitembala thadzi lao linaswa anapiye asanu ndi awiri. Tsiku lina madzulo anawerenga napeza asanu ndi mmodzi. Mawa lace, asanu. Phulusa anali ataoneka alikubisala m'udzu ndi kuwayang'ana, mcira ukugwedezeka. Agogo anati, "Mwanawe, mvula isanagwe mlandu watha. Mawa umbwezere." Usiku umenewo mtsikanayo sanadye nsima.

Kutaca anapempha kuti adikire tsiku limodzi lokha, ndipo popeza linali Loweruka, anakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuyambira mamawa, maso ali pa anapiye. Dzuwa liri pamutu thadzi linalira mwa mantha, cithunzi cinadutsa pabwalo, ndipo kabawi anatsika ngati mwala nanyamula mwanapiye wacitatu. Agogo anaona ndi maso ao ali pakhonde. Sanapepese, pakuti si mwambo wa akuru kupepesa kwa mdzukulu ndi mau; koma madzulo ace anadula okha mitu ya usipa naiika pa phale lija. Ndipo mawa lace anatuma atsibweni a mtsikanayo kuti aluke khola la nsungwi lobisamo anapiye.

Khoswe woyamba anagwidwa m'mwezi wa Okutobala. Phulusa anamdikira pansi pa nkhokwe usiku wonse, osagwedezeka, ndipo mbanda kuca anamkoka kufikira pa mphasa ya agogo, namsiya pafupi ndi mutu wao. Mpfuu umene unamveka m'nyumbamo unadzutsa mudzi wonse. Atsibweni aja atafika ndi cibonga m'manja, naona cimene cinacitika, anaseka nati, "Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Mphaka mmodzi sangathe makoswe onse a m'mudzi, ndipo nkhokwe iyenerabe kumangidwa pamwamba ndi kuseseredwa pansi pace, koma phokoso la makoswe pa tsindwi linacepa, ndipo nkhalamba inayamba kugona tulo.

Mvula yoyamba inagwa m'mwezi wa Novembala, ndipo za ngalande ija panalibe anazichula. Mai wina wa nyumba yoyandikana nao anadza kudzapempha kuti ambwereke mphakayo milungu iwiri, pakuti makoswe anali atamboolera matumba a nyemba. Mtsikana asanatsegule pakamwa, agogo anayankha ali kusisita Phulusa pa msana, nati, "Pepani amai, mphaka sabwerekedwa ngati khasu. Mukapita naye kwanu, adzabwera yekha usiku womwewo. Uyu ndi wamkazi, ndipo mimba ya mphaka ndi milungu 9 yokha. Dikirani adzabale, akadzaleka kuyamwa ana, mudzasankhepo mmodzi."