Suha, kanyenyezi koyesera maso

M'mwezi wa Meyi ndi Juni, cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku, yang'anani kumpoto, chapansi ndithu, pamalo poti phiri kapena mitengo sizikutchingani. Mudzaona nyenyezi zisanu ndi ziwiri zondandana ngati chikho chokhala ndi mpini. Yapakati pa mpinipo ndi Mizar, dzina lochokera ku Chiarabu. Pambali pake penipeni pali kena kozimirira. Azungu amati Alcor, Aluya amati Suha, kutanthauza konyalanyazidwa. Abd al-Rahman al-Sufi anakatchula m'buku lake la nyenyezi cha m'ma 964, ndipo Aluya ankayesera nako maso: wokaona ndiye kuti maso ake ali bwino.

Ndimakonda kufunsa ana a Fomu 3 kuti chachikulu n'chiti, Suha kapena dzuwa. Onse amaseka funsolo. Komatu Suha amalemera pafupifupi kawiri kuposa dzuwa, ndipo amawala kuposa dzuwa maulendo oposa khumi. Pamwamba pake pamatentha madigiri pafupifupi 8,000, pomwe padzuwa ndi 5,500. N'chifukwa chake kuwala kwake n'koyera. Chomuzimiriritsa ndi mtunda basi. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, koma kuchoka kwa Suha kumatenga zaka zoposa 80 kuti kufike pa Chitakale. Kumene tikuone chaka chino kunanyamuka ambiri mwa akuluakulu a komiti ya mzikiti asanabadwe. Mu 2009 akatswiri anapezanso kuti Suha sali yekha, ali ndi kanyenyezi kofiira komuzungulira, pomwe Mizar ndi nyenyezi zinayi.

Chimene chandilembetsa ndi mayeso a Aluya aja. Chaka chilichonse ndimakhala ndi ana amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kusokoneza madontho a zilembo za Chiarabu, kenaka n'kumakopera za mnzawo. Kunyumba amatchedwa aulesi, ena mpaka kuwakwapula. Mwana wobadwa nalo vutoli sadandaula, chifukwa amayesa kuti aliyense amaona choncho.

Makolo, mukaswali Isha tulukani nawo panja tsiku lopanda chiperoni, kutali ndi magetsi a pamsika, mudikire kanthawi maso azolowere mdima. Kuno nyenyezizi sizikwera kwambiri, choncho kuphonya tsiku limodzi si nkhani. Koma ngati abale ake onse akumuona Suha iye yekha ayi, pitani naye kuchipatala cha boma ku Mulanje akamuyeze maso, ndipo mutiuze kuti timukhazike kutsogolo m'kalasi.