Mizere Itsate Ng'oma

Situdiyo yanga ndi kachipinda kamodzi ku Migowi: laputopu, masipika awiri, maikolofoni atatu. Tsiku lina gulu la gule wa tchopa linandiitana kumudzi kwawo kufupi ndi Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ankafuna ndijambule ng'oma zawo, kenako ndiwonjezere bezi ndi kiyibodi.

Ndinanyamula mahedifoni kuti aziimba motsatira click, kugogoda kosunga liwiro. Agogo oimba ng'oma yaikulu anavala, anamvera kugogodako pang'ono, n'kundibwezera. "Mwana wanga, ndiziimbira ovina kapena kambalame kakoka?" Tinajambula popanda click.

Nditafika kunyumba, mutu unaima. Mu pulogalamu ya Cubase ndinaika tempo ya 120 BPM, koma ng'oma zinayamba modekha, ovina atatenthedwa n'kuyamba kuthamanga. Posakhalitsa mizere ya tempo ya mu Cubase inali kwina, ng'oma kwina, ndipo bezi iliyonse yomwe ndinkalemba inkapunthwa.

Anyamata ambiri amathamangira quantize: kudula ng'oma n'kukokera kugunda kulikonse pamzere. Nanenso ndinayesa. Zinamveka ngati chigayo cha dizilo. Tchopa imaimbidwa ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, ndipo yaing'ono inkachedwerako dala, ngati ikuyankha zinzake. Nditaiwongola, kuyankhanako kunatha. Gule amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, ine n'kumupha usiku umodzi! Ndinafufuta.

Ndiye ndinasuntha mizere, ng'oma ndinazisiya. Choyamba ndimakhoma track ya ng'oma kuti izitsata masekondi, isasunthe tempo ikasintha. Ukaiwala zimenezi, ukamakoka mzere nazo ng'oma zimathawa, n'kumathamangitsana ngati galu ndi mchira wake. Kenako ndimatenga chida cha Time Warp, n'kukoka mzere wa bar mpaka ugwere pomwe dzanja lamenya chikopa.

Chinandivuta kwambiri n'kupeza poyambira. Pomwe ng'oma yamveka mwamphamvu sipamene bar ikuyambira nthawi zonse. Chinandipulumutsa ndi kanema amene mwana wina anajambula pafoni: ndinkayang'ana phazi la ovina likamatera pansi, pamenepo ndiye ndinkaika mzere woyamba.

Sindiika chizindikiro pa kugunda kulikonse ayi. Zikachuluka, tempo imadumphadumpha ndipo kiyibodi imamveka ngati yaledzera. Ndimaika pakatha ma bar anayi, n'kuchulukitsa pokhapo pomwe gule wasintha liwiro. Nyimbo ya mphindi zisanu inandidyera masiku awiri, magetsi akuzimazima. Pomaliza tempo inakwera kuchoka pa 112 kufika pa 128, ngati njira yokwera Michesi.

Nditabwerera kumudzi ndinawaseweretsera nyimboyo pa sipika pansi pa mtengo wa mango. Agogo aja anatseka maso, phazi likugunda pansi. Itatha anandifunsa: "Woimba bezi ameneyu ndi wa mudzi uti? Ali ndi makutu. Ubwere naye tidzamuone."

Ndinangoloza laputopu.