Kokonati wa Pachilumba ndi Mlaza wa Kwathu

Amayi anzanga, ife a ku Nsanama mgwalangwa timaudziwa ndi manja. Masamba ake anthete, amene timati mlaza, ndiwo amatipatsa mikeka, matsache, zipewa ndi timadengu, ndipo m'bungwe lathu la amayi alipo angapo amene sopo ndi makope a ana amawapeza poluka. Koma mtengo umenewu ndinali ndisanauganizire mofatsa kufikira m'chilimwe cha 2023, pamene alamu anga okhala ku Nampula anatiitana, ine ndi bambo a kunyumba, kuti tikapumeko masiku ochepa.

Tinatulukira pa Nayuchi, pamene njanji yotsegulidwa mu 1970 imalowera ku Mozambique, ndi kupyola Cuamba mpaka Nampula. Za njirayo sindinena zambiri; msana wanga ndiwo ukukumbuka. Titapuma masiku awiri, alamuwo anati: "Mlamu, simungabwerere kumudzi osaona madzi amchere." Kotero tinakwera galimoto kulunjika ku chilumba chimene eni ake amachitcha Ilha de Moçambique.

Pofika pachilumbapo mumaoloka pa mlatho wa makilomita oposa atatu, wopapatiza ndithu, mwakuti galimoto zimadikirana. Chilumba chake n'chaching'ono, munthu angathe kuchimaliza wapansi m'mawa umodzi, komabe ndi pomwepo panali likulu la Apwitikizi m'dzikomo mpaka 1898, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse. Kumpoto kuli nyumba zakale zamiyala ndi linga lalikulu la São Sebastião. Bambo anakondwa nalo lingalo, mizinga yake anaiwerenga umodziumodzi. Ine maso anali m'mwamba, pa mitengo ya kokonati yopendekera kunyanja, yoonda ngati musi, masamba ake akuchita phokoso ngati kukubwera mvula.

Kummwera, kumene kumakhala anthu ambiri, amakutcha Macuti, dzina la masamba a kokonati amene amaluka ndi kufolera nyumba. Nyumbazo zili m'munsi mwa msewu, pakuti miyala yomangira mbali ya kumpoto inkakumbidwa kumeneko. Zambiri tsopano zili ndi malata, koma ndinalowa m'nyumba ina yofolera makuti dzuwa lili paliwombo, ndipo munali mozizira ngati m'mtsuko.

Mwini nyumbayo anali mayi wamkulu, nkhope itapakidwa musiro, ufa woyera wa mtengo umene amayi a kumeneko amadzola. Ankalankhula Chimakuwa, ine ndi kachilomwe kamene anandisiyira agogo anga, ndipo tinamvana bwino lomwe mothandizidwa ndi manja. Anakhala pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kwake, napala kokonati, nafinya madzi oyera onga mkaka ndi kuthira mu chigwada. Amayi, nsinjiro zathu sindizinyoza, koma tsiku limenelo ndinapempha kachiwiri popanda manyazi. Chigoba chake amatungira madzi, makoko amasonkhera moto kapena kupota chingwe, mitsempha ya masamba ndiyo tsache.

Chimene chinandigwira mtima si ndiwozo ayi. Ndinaloza mitengo itatu imene inali pafupi ndi kufunsa kuti ngwayani. Mayiwo sanachedwe: uwu anabzala amalume awo, uwo ngwa mnansi, wachitatuwo anabzala iwo eni chaka chimene anabadwa mwana wao woyamba. Kokonati amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa asanabereke, koma akayamba amadyetsa banja mpaka zidzukulu. Munthu sangothyola tsamba pa mtengo wa mnzake. Wofuna makuti ambiri amagula ochokera kumtunda, pakuti pachilumbapo malo ndi ochepa.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkadzifunsa kuti kodi mgwalangwa wa kwathu ngwayani. Ngwa aliyense, ndiye kuti ulibe mwini. Ndili mtsikana, mlaza tinkadula kuseri kwa munda ndi kubwerako nsima isanapse. Lero amayi a m'bungwe lathu amalawirira mbandakucha, ena amachita kugula pamsika, phindu la mkeka n'kuthera pomwepo. Timadula nsonga zonse pa chitsa chimodzi osasiyako ndi imodzi yomwe, poopa kuti wobwera m'mbuyo atenga. Abambo ogoma uchema amasenga pamutu penipeni pamene mtengo umakulira, thunthu n'kuuma. Moto wa mbewa umatsiriza zotsala. Ndisanamizire ena, inenso chikwanje changa chadulako nsonga zosayenera kudula.

Amene mwaonako mtsinje wa Shire m'nkhalango ya Liwonde, yotetezedwa kuyambira 1973, mukudziwa mmene mivumo yotupa pamimba ija imaimira m'mbali mwa madzi. Nthaka yake ndi yathu yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko alipo woyang'anira.

Nditabwerako ndinaifotokoza nkhaniyi pamsonkhano wathu wa Lachinayi. Mayi wina anaseka nati: "Mayi wapampando, kuyambira liti munthu kubzala mgwalangwa ngati chimanga?" Sindinawadzudzule, chifukwa nanenso ndinali ndisanamvepo. Nthanga yake ndi youma ngati mwala, imachedwa kumera, ndiponso imayamba yatumiza muzu pansi patali tsamba lisanaoneke. N'chifukwa chake muyenera kuikwirira pamalo pomwe mukufuna mtengowo, kuwokera sikuyenda.

Tinagwirizana ziwiri. Choyamba, podula mlaza tizisiya nsonga ina pa chitsa chilichonse. Chachiwiri, tinapita kwa amfumu, ndipo anatiloleza kuti zitsa za m'malire a munda zikhale za mwini mundawo. Ine ndinakwirira nthanga khumi ndi ziwiri kumalire kwa munda wathu. Zamera zisanu, mbuzi zadya imodzi, ndipo zinayi zotsalazo ndazitchinga ndi minga. Mwana wanga wamkazi wamng'ono wasankhapo kale wake, ndipo akafika kuchokera kusukulu amayamba wakauona asanavule yunifolomu.