Nthenga ya Nkhuku ya Gogo Esther Mahlangu

Amayi anzanga, pali ntchito zina za manja athu zimene ife eni ake sitiziŵerengera ngati luso. Timazira nyumba, timaumba mbiya, timaluka mikeka, timatunga mikanda, koma munthu akatifunsa ntchito yathu timayankha kuti, "Ine ndimangokhala." Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za mayi wina wa ku South Africa amene ntchito yonga yomweyi idamufikitsa kutali, ndipo mbiri yake yandipatsa maganizo ambiri pa za ana athu aakazi.

Mayi Esther Mahlangu, amene anthu akwawo amaŵatchula kuti Gogo Esther, adabadwa pa 11 November 1935 pa famu ina pafupi ndi tauni ya Middelburg, m'chigawo chimene lero chikutchedwa Mpumalanga. Iwo ndi a mtundu wa Amandebele. Pa mwambo wa anthu ameneŵa, kukongoletsa zipupa za nyumba ndi ntchito ya akazi, ndipo mwana wamkazi amaiphunzira kwa amake kuti akadzakwatiwa akathe kukongoletsa nyumba yakeyake. Mwambo umenewu uli ndi mbiri yoŵaŵa. M'chaka cha 1883 Amandebele a fuko la Ndzundza adagonjetsedwa pa nkhondo ndi Maburu, malo awo adalandidwa, ndipo mabanja adamwazidwa m'mafamu kukagwira ntchito ya thangata. Anthu obalalika chotere ankadziŵana ndi zipupa zawo. Mlendo akaona nyumba patali ankazindikira kuti pamenepo pali abale ake.

Esther adayamba kujambula ali ndi zaka 10. Iwo eni amasimba kuti amayi awo ndi agogo awo akapita kokapuma, iwo ankatenga nthenga mobisa n'kumayesa pa chipupa. Mizere inkakhota, ndipo akuluwo pobwera ankakalipa. Koma sadamulande mwanayo nthenga. Adamupatsa chipupa cha kuseri kwa nyumba kuti aziphunzirirapo, ndipo ankapita kukaona ntchito yake tsiku ndi tsiku, kufikira tsiku limene adamuitana kuti akajambule kumaso kwa nyumba kumene alendo amafikira.

Kajambulidwe kake n'kotere. Mayi amamanga pamodzi nthenga za nkhuku, ndiye burashi yake imeneyo. Amayamba ndi mizere yakuda yokhuthala, yowongoka ngati chingwe, popanda rula kapena choyezera chilichonse, kenaka amadzaza mitundu m'kati mwa mizereyo. Kale ankagwiritsa ntchito dothi la mitundumitundu ndi ndoŵe za ng'ombe. Penti wa m'sitolo adabwera pambuyo pake. Mayi Mahlangu adatenga zimene zinali za pa chipupa n'kuyamba kuzijambulanso pa nsalu yolimba ndi pa zinthu zina zoti munthu angathe kugula n'kunyamula, ndipo apa m'pamene luso lidasanduka ndalama.

Kuchokera mu 1980 mpaka 1991 adagwira ntchito ku Botshabelo, pa malo oonetserako chikhalidwe cha Amandebele. Anthu ochokera ku France ataona nyumba yawo adaŵaitana ku Paris, ndipo mu 1989, ali ndi zaka zoposa 50, adakajambula nyumba yofanana ndi yawo pa chionetsero chachikulu chotchedwa Magiciens de la Terre. Mu 1991 kampani ya BMW idaŵapatsa galimoto kuti alikongoletse. Akatswiri 11 amene adapatsidwa ntchito yotere iwo asanafike onse adali amuna. Iwo ndiwo adali mkazi woyamba, ndiponso munthu woyamba wa mu Africa. Boma la dziko lawo lidaŵapatsa ulemu wa Order of Ikhamanga mu 2006, yunivesite ya Johannesburg idaŵapatsa digiri yaulemu ya udokotala mu 2018, ndipo mu 2024 ntchito za moyo wawo wonse zidaonetsedwa mu mzinda wa Cape Town. Konseko ankapita atafunda bulangeti lawo la Chindebele, mikanda ndi mphete za m'khosi zili m'malo mwake.

Chimene chimandigwira mtima koposa ulemu wonsewu n'chakuti gogoyu sadasamukire ku mizinda ya azungu. Adatsegula sukulu pakhomo pawo m'mudzi wa Mabhoko, yophunzitsa ana kujambula ndi kutunga mikanda, poopa kuti akuluakulu akadzatha lusolo lidzatha nawo.

Mantha omwewo ndili nawo ine pa za kuno kwathu. M'bungwe lathu la amayi, tikamalemba zimene aliyense amadziŵa kuti tione chimene tingagulitse, amayi achikulire ndiwo amathamangira kunena kuti alibe luso lililonse popeza sadapite patali ndi sukulu. Chikhalirecho ndi omwewo amene amadziŵa dambo la mtsiro wakuda ndi chulu cha dothi lofiira, amene Khirisimasi ikayandikira amazira khonde n'kulembapo maluŵa ndi mizere mpaka odutsa m'njira kuima. Atsikana athu ambiri sadziŵa ngakhale kumene dothi limeneli limakumbidwa. Nyumba za njerwa zootcha ndi simenti n'zabwino, tonse timazifuna, koma si chifukwa choti manja a ana athu akhale osaphunzira kanthu.

Ena adzanena kuti Mayi Mahlangu adangochita mwaŵi, pakuti alipo amayi ambirimbiri a Chindebele amene adajambula bwino koma palibe adaŵaitana ku Paris. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikulonjeza mayi aliyense galimoto kapena ulendo wa pa ndege. Koma alendo aja atafika adapeza chipupa chili chojambula kale, ndi dzanja limene lidakhala likuphunzira zaka 40. Akadapeza chipupa chopanda kanthu akadangopitirira. Ndiponso phindu la luso silili kutsidya kwa nyanja kokha. Mayi wodziŵa kusankha mitundu ndi kuwongola mzere amasoka diresi logulika msanga, amaluka nsalu ya patebulo imene anthu amalimbirana pa msika, ndipo ndalama ya sopo ndi ya makope a ana sapempha kwa munthu.

Akuluakulu adati m'mera m'poyamba. Tsono pempho langa kwa agogo ndi amayi amene muŵerenge tsamba lino ndi ili: mwana akagwira dothi lanu, singano yanu kapena mikanda yanu n'kuononga, mukalipireni ngati n'koyenera, koma musamuthamangitse. Mupatseni chipupa cha kuseri, kapena kansalu kotsala, ndipo muzipita kukaona zimene wachita. Ndipo ife a m'mabungwe, pa msonkhano wa mwezi uno tiitane gogo mmodzi wa m'mudzi mwathu, timuyalire mkeka kutsogolo, atsikana akhale pansi, iye aphunzitse.