Chipatala chaulere chili ndi mtengo wake

Ndimayang'anira kayendetsedwe ka chipatala china cha boma kuno ku Karonga. Pantchito amanditchula kuti adiminisitireta. Odwala ambiri sandidziwa, chifukwa zomwe zimadutsa m'manja mwanga ndi mabilu a madzi ndi magetsi, mabuku a maulendo a ambulansi, makiyi a mosungira katundu ndi mndandanda wa zinthu zowonongeka. Koma dokotala akalowa m'fiyeta usiku kuti athandize mayi amene mwana wakanika kutuluka, pamafunika kuti magetsi ayake, madzi atuluke pampopi, zida zikhale zophikidwa kale, ndiponso kuti mayiyo akhale atafika nthawi isanathe. Zonsezi zili paphewa panga pamodzi ndi madalaivala, amisiri, ophika, ochapa, okolopa ndi alonda.

M'chipatala cha boma wodwala salipira, ndipo ine ndimanyadira zimenezi. Mlimi wa mpunga wa ku Hara kapena msodzi wa ku Ngara amathandizidwa ngakhale m'thumba muli gwa. Komabe diripi amene wamuikayo anagulidwa, nsima imene wadya inaphikidwa ndi nkhuni zogula, ndipo galimoto imene yakamutenga yamwa dizilo. Wina analipira, ndipo ndalamayo siikhala yokwanira. Luso lonse la ntchito yanga lagona pa kudziwa choyamba kulipira ndi chimene chingadikire.

Ndalama za boma zimatifika m'njira zitatu. Malipiro a ogwira ntchito amayenda paokha. Ndalama ya mankhwala yambiri siitifika m'manja: ife timaitanitsa mankhwala ku Central Medical Stores Trust, boma n'kulipira kumeneko, ndipo kagawo kochepa kokha ndi kamene boma lililonse limaloledwa kugulira kwina zimene zasowa. Yachitatu ndi ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, imene timaitchula kuti ORT. Imeneyi imadzera ku khonsolo mwezi ndi mwezi, potsatira dongosolo lopereka mphamvu ku makhonsolo lomwe dziko lino linakhazikitsa mu 1998. Mafuta, chakudya cha odwala, madzi, magetsi, sopo, mapepala, matayala ndi kukonza zowonongeka zonse zimatuluka m'thumba limodzi lomweli, ndipo limayenera kufikira zipatala zazing'ono zonse za m'boma lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu opitirira 365,000. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti ya dziko idzipita ku zaumoyo, koma Malawi zaka zambiri safikapo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya papepala inakhala yomweyo pamene mitengo ya matayala, mabatire ndi zipangizo zochokera kunja inakwera.

Ndalama ikalowa timakhala pansi: mkulu wa zaumoyo m'boma, dokotala wamkulu, mkulu wa anamwino, woona za ukhondo, wowerengera ndalama ndi ine. Aliyense amabwera ndi zofuna zake, ndipo zonse zimakhala zoona. Ine ndimafunsa funso limodzi pa chinthu chilichonse: chikasowa ichi, ndani angafe, nanga zingatenge nthawi yaitali bwanji? Mwana amene akupuma ndi makina a okisijeni sangadikire ngakhale mphindi zochepa magetsi atathima. Mayi wotaya magazi atabereka ali ndi maola ochepa chabe. Wodi yopanda madzi imasanduka yoopsa tsiku lisanathe. N'chifukwa chake dizilo wa jenereta ndi wa ambulansi amakhala patsogolo, kenako madzi, chakudya ndi zoyeretsera. Zina zonse zimatsatira pambuyo.

Mafuta ndi amene amadya ndalama kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi mmene Karonga anakhalira. Bomali ndi lalitali, lopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri, kuyambira ku Songwe m'malire ndi Tanzania mpaka kupitirira Chilumba kummwera. Kumadzulo kuli madera okwera ngati Wiliro, kumene msewu umavuta mvula ikagwa. Kumpoto mvula imachedwa kusiya, ndipo mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe ikasefukira, mudzi umene unali pafupi umakhala kutali. Matenda akatikanika timatumiza wodwala ku Mzuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita oposa 200, wodzera m'zikweza za Chiweta. Kupita ndi kubwera ndi malita ambiri a dizilo, mabuleki otha msanga, komanso tsiku lathunthu ambulansi kulibe.

Pachifukwachi ambulansi iliyonse ili ndi buku lake. Dalaivala amalemba makilomita ponyamuka ndi pofika, amene wamutuma, ndi mafuta amene wathira. Ine ndimafananitsa makilomita ndi malita sabata iliyonse. Akasiyana kwambiri ndimadziwa kuti pali vuto, kaya m'injini kaya mwa munthu. Odwala amene angathe kudikira timawaphatikiza ulendo umodzi, ndipo galimoto pobwerera imatenga amene atulutsidwa, magazi kapena katundu wina. Pali mafuta ena amene sindilola kuti akhudzidwe ndi ulendo wa msonkhano ngakhale wopempha akhale wamkulu bwanji, chifukwa ndi a amayi oyembekezera ndi a ngozi zapamsewu wa M1. Ndinaonanso kuti nyumba ya chidikiro ndi yotsika mtengo kuposa ambulansi. Mayi wochokera kutali akabwera kudzadikira masiku ake pafupi ndi azamba, chimene afuna ndi denga losadontha, madzi, chimbudzi chabwino ndi malo ophikira. Zimenezi zikasowa amakhala kumudzi, ndipo timadzamuthamangira usiku zinthu zitavuta kale.

Mdani wina ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja dzuwa limaswa mtengo. Katemera amafuna kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, chimodzimodzinso mankhwala a oxytocin amene amaletsa mayi kutaya magazi akabereka. Magazi osungidwa ndi mochale nazonso zimadalira furiji. Choncho jenereta sitidikira kuti magetsi athime ndiye tiione ngati ikulira. Mmisiri amailiza sabata iliyonse, amaona oyilo, madzi ndi batire, n'kulemba m'buku. Nthambo zake tinazikonza kuti zizipita kumalo ofunika okha: fiyeta, chipinda chochirira amayi, cha ana obadwa masiku asanakwane, labotale ndi mafuriji. Ofesi yanga siili pamzere umenewo. Kuzipatala zazing'ono mafuriji a sola atithandiza kwambiri, koma nawonso amafuna munthu wopukuta fumbi pamagalasi ndi kulemba kazizidwe kake m'mawa ndi madzulo.

Za madzi anatiphunzitsa ndi kolera. Kumapeto kwa 2017 matendawa anabuka kuno ku Karonga, ndipo mliri waukulu umene unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'madoko a asodzi ndi pachipata cha Songwe anthu amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, motero sitiyembekezera kumva kuti wina watsekula m'mimba. Mvula isanayambe ndimaonetsetsa kuti matenti ndi athunthu, mabedi obowola pakati alipo, zidebe zilipo, ndipo klorini ndi madiripi zasungidwa padera. Okolopa timawaphunzitsa kusungunula klorini mosiyanitsa: 0.05 peresenti ya kusamba m'manja, 0.2 ya pansi ndi mabedi, 2 ya masanzi ndi chimbudzi cha wodwala. Wokolopa wodziwa miyezo imeneyi amateteza wodi yonse. Thanki ya madzi timaidzaza usiku uliwonse, chifukwa wodwala kolera mmodzi amafuna madzi ochuluka kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachimenyera nkhondo pamsonkhano uliwonse, chifukwa funso langa lija likhoza kuchisiya kumbuyo. Ndi ndalama yokonzera zinthu zisanawonongeke. Palibe amene amafa lero chifukwa sitinasinthe oyilo wa galimoto, sitinamate lata lodontha kapena sitinapope dzenje la zimbudzi. Ndiye ndalama ikachepa aliyense amati zidikire mwezi wamawa. Koma oyilo wosasintha amapha injini, ndipo mtengo wa injini ungagule oyilo wa zaka zambiri. Lata lodontha limawoletsa denga n'kunyowetsa nthambo za magetsi, kenako wodi yonse n'kutsekedwa. Kalabala kakang'ono ka pachitseko cha makina ophikira zida kakang'ambika, maopaleshoni amaima ndipo amayi timayamba kuwatumiza kutali ndi mafuta aja. Tsoka silinunkha, koma lambiri mwa tsoka la m'chipatala limayamba laonekera kwa mmisiri. Choncho mwezi uliwonse, ngakhale pavute bwanji, ndimapatula kagawo ka zokonza, ndipo ndimayenda ndi amisiri wodi ndi wodi, kutsegula mipopi, kuyang'ana kudenga ndi kufunsa anamwino chimene chayamba kuvuta. Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri m'boma lino. N'chifukwa chake kuno mng'alu wa pakhoma timauyeza ndi kuulemba tsiku, kuti tidziwe ngati ukukula.

Maganizo omwewa ndimawagwiritsa ntchito akabwera otifunira zabwino ndi makina a mphatso. Ndimathokoza, kenako ndimafunsa ngati zida zake zosinthira zimapezeka m'Malawi muno, ngati amagwirizana ndi magetsi athu, ndiponso amene adzaphunzitse amisiri athu. Makina opanda mayankho amenewa amagwira ntchito miyezi yochepa n'kukaunjikidwa kuseri kwa nyumba, pamene odwala anali atayamba kale kuwadalira.

Kufamase ulamuliro ndi wa akatswiri a mankhwala, koma chitetezo ndi changa. Mankhwala aliwonse ali ndi khadi lolembapo zolowa ndi zotuluka, ndipo amene atsala pang'ono kutha mphamvu ndiwo amayamba kutuluka. Galimoto ya mankhwala ikafika, nthumwi za komiti ya anthu akudera zimakhalapo kuwerenga nawo makatoni ndi kusaina. Zimachedwetsa, koma mphekesera zoti mankhwala amabedwa zimachepa anthu akaona ndi maso awo, ndipo wa mtima wakuba amaopa. Pogula zinthu timatsata lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma: mitengo ya ogulitsa atatu, komiti yovomereza, ndi kulandira katundu pamaso pa mboni. Amene amatigulitsa chimanga, nyemba ndi nkhuni ambiri ndi amalonda ang'onoang'ono. Ngongole yawo ndimailemba motsatana ndi tsiku, ndipo woyamba kubweretsa ndiye woyamba kulipidwa. Ukamukhumudwitsa wa nyemba, odwala adya nsima yopanda ndiwo.

Sitili tokha m'bomali. Zipatala za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM, monga Atupele ndi St Anne's ku Chilumba, zimafika kumene ife sitifika. Boma lili ndi dongosolo lochita mapangano ndi zipatala zotere kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, bilu n'kupita ku boma. Kuwerenga mabilu amenewa mosamala ndi kuwatumiza msanga ndi njira ina yosamalira odwala amene sindidzawaona.

Palinso zina zimene sizifuna ndalama zambiri koma wodwala amazikumbukira moyo wake wonse. Kansalu kotchinga bedi pamene mayi akuyezedwa. Chimbudzi chokhala ndi chitseko. Benchi ya pamthunzi kwa odikira pamzere. Malo aukhondo a magadiyani, pakuti iwo ndi amene amasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala athu usiku. Anthu a kuno amalankhula Kyangonde ndi Chitumbuka, pamene anamwino ena amachokera ku Zomba kapena ku Dedza. Pokonza mashifiti timayesetsa kuti pasasowe womva chilankhulo cha agogo amene abwera kudzafotokoza ululu wawo. Madandaulo amene amafika kwa ombudsman wa pachipatala ndimawawerenga onse, chifukwa kawirikawiri amandilozera pamene dongosolo lathu lathyoka.

Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchitoyi ndimayamba ndawatulutsa mu ofesi. Ndimawatuma kukhitchini kukayeza ufa, kugalaja kukaona matayala, kochapira kukawerenga nsalu, ndi kung'anjo yootchera zinyalala. Akabwerako ndimawapatsa bajeti, ndipo pamenepo mzere uliwonse amauona ndi nkhope za anthu amene akumana nawo. Kwa inu amene mumabwera kudzalandira thandizo, pempho langa ndi lakuti mukaona mpopi ukudontha kapena loko wathyoka, tiuzeni tsiku lomwelo. Sankhani anthu olimba mtima m'komiti ya chipatala chanu, ndipo afunseni makhansala anu kuti ndalama ya zaumoyo yafika ingati mwezi uno ndipo yagwira ntchito yanji. Ndalamayo ndi ya misonkho yanu, ndipo ife oyendetsa zipatala timagwira bwino ntchito eni ake akamatifunsa.