Za malinki ogula aja, amwene

Amwene, kwabuka anthu otumiza mauthenga kwa aliyense amene ali ndi webusaiti ya boti loyendetsa alendo kapena ka loji kuno kunyanja. Ena akuti tipatseni madola tikukwezeni pa Google, mlendo akangolemba Cape Maclear azikuonani inu poyamba. Ena akubwera chakumbuyo, akuti tikulipirani, ingoikani linki yathu ya kubetcha pa tsamba lanu. Mwandifunsa ambiri, ndiye ndingoyankha pamodzi, mutumizirane.

Timvetsetse kaye chimene akugulitsa. Larry Page ndi Sergey Brin poyambitsa Google mu 1998 anatenga linki ngati umboni. Tsamba lina likaloza lanu, ndiye kuti likunena kuti awa ndimawadziwa. Ife takula nazo zimenezi. Bambo anga ankatha kupereka usipa pa ngongole kwa mayi wa geni amene sanamuonepo chibadwire, bola munthu wodalirika wapadoko anene kuti mayiwa amabweza. Ndiye tayerekezani mwamva kuti mboniyo imalandira kangachepe pa aliyense amene yamuyamikira. Mawu ake atha mphamvu basi, ndipo ngakhale amayi okhulupirika amene inawaikira kumbuyo ayamba kuonedwa ndi diso lina.

Google nayo imaziona choncho. Kutsatsa malonda sikuletsa ayi, koma linki yolipiridwa imafuna ikhale ndi chizindikiro, nofollow kapena sponsored, kuti isawerengedwe ngati umboni. Tamuuzeni wa kubetcha uja kuti muikapo chizindikirocho, muone ngati akhalebe ndi chidwi nanu.

Musamati ndi zongoopseza. Mu 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inkatuluka pamwamba pa katundu wosiyanasiyana chifukwa cha malinki obzalidwa pa masamba opanda pake. Google inaitsitsa kwa miyezi pafupifupi itatu. Mu 2013 kampani yogulitsa maluwa ku Britain, Interflora, inasowa pa Google ngakhale munthu atalemba dzina lake lenilenilo. Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti mu 2012 Google inalanga tsamba lake lomwe la Chrome pa mlandu womwewu.

Onsewo anabwerera, eya. Koma amenewo ali ndi ndalama ndi anthu olembedwa ntchito yokonza zimenezi. Iwe aise uli ndi boti limodzi, injini ya ngongole, ndipo alendo amabwera miyezi yowerengeka pachaka. Ukasowa nthawi imeneyoyo, mafuta ugula ndi chani? Komanso masiku ano nthawi zambiri Google siivutika n'kukulanga, imangowanyalanyaza malinkiwo. Madola ako alowa m'madzi, wogulitsa uja wakutumizira ka lipoti kokongola, foni yako ili zii.

Linki imene ndimaiwerengera ine ndi ya loji imene imakutumiziradi alendo, kapena ya mlendo amene unapita naye ku Thumbi kukaona mbuna, n'kukalemba yekha za ulendowo. Imachedwa, sindikana. Kulembetsa bizinesi pa Google Maps n'kwaulere, ndipo ambiri mwa inu simunachite, koma mukufuna kutumiza madola kwa munthu amene simudziwa n'komwe kumene amagona.

Amene mwalipira kale, m'pempheni mndandanda wa masamba amene waikapo malinki anu. Tsegulanipo atatu okha, muone ngati pali mlendo amene angafike pamenepo akufuna boti.